Ng'ombe za ku Silverest

Ukatsika minibasi ya ku Palabana m'mawa, tsata njinga za zigubu. Zonse zimathera pakhomo limodzi, pa kopaletivi ya alimi a mkaka. Ofesi yake ndi chipinda chimodzi. Kuseri thanki yoziziritsira mkaka imang'ung'udza tsiku lonse. M'kati muli madesiki awiri oyang'anana.

Lakale ndi la amai Nelesi Tembo, mlembi. Zaka khumi ndi chimodzi pampando womwewo. Chida chawo ndi buku lachikuto cholimba, lakuda m'mbali ndi thukuta la zala. Latsopano linali la Maybin Sakala, mnyamata wa ku Chilenje mu Lusaka, wa dipuloma ya makompyuta. Ankachoka kwawo nsapato zikuwala, n'kufika zitafiira ndi fumbi. Komiti inamulemba miyezi itatu yoyeserera. Tsiku loyamba anaimirira pamsonkhano wa alimi, dzanja m'thumba.

"Buku ya ba Nelesi manje ipumule," anatero. "Kompyuta izachita vonse."

Anthu anaomba m'manja. Amai Nelesi nawo anaomba, kawiri kokha.

Mayeso ake anabwera kumapeto kwa Okutobala. Katemera wa chigodola. Chigodola ndi matenda obwera ndi nkhupakupa mvula ikagwa, ndipo ana a ng'ombe zamkaka amawakolola ngati chimanga. Katemera wake ndi wosapirira. Amabwera wouma gwa ndi kuzizira. Ukamusungunula, uli ndi maola asanu ndi limodzi. Akadutsa amenewo, wasanduka madzi. Kopaletivi inalandira wokwana ana makumi anayi. Wina adzabwera mvula itatha.

Wobaya anali Gilbert Mwanza, dokotala wa ziweto, wamtali, wosakonda mawu ambiri. Nayenso anali mlendo m'boma la Chongwe. Anali atangosamutsidwa kuchokera ku Mumbwa, misewu asanaizolowere. Anapempha chinthu chimodzi.

"Nipase listi yoyenda dera na dera. Tikaloba mu dera, timalize, tichoke. Sinifuna vobwelela kumbuyo."

"Ivo ni vapafupi, mudala," anatero Maybin. "Faivi minitsi."

Lachitatu masana anakhala pakompyuta. Detabesi, nkhokwe imene munasungidwa zonse za kopaletivi, sanaimange ndiye. Anaimanga munthu wina wa pulojekiti amene anapita kalekale osasiya ngakhale nambala ya foni. Munali matebulo atatu, ndiye kuti masamba atatu a mizere ndi madanga, ngati a m'buku. Loyamba la ana a ng'ombe. Lachiwiri la eni ake. Lachitatu la makola. Pamzere wa thole lililonse panali mtundu wa ubweya, tsiku lobadwa, ndi manambala awiri. Ina yoloza kwa mwini. Ina yoloza kukhola. Dera panalibe.

Analamula kompyuta kuti isanje potsata nambala ya mwini. Zinatuluka. Atatu, seveni, khumi ndi ziwiri, fote. Manambala ali ndondondo ngati asilikali. Koma nambala siuza munthu pokhotera. Anayesa nambala ya khola. Chimodzimodzi. Mphindi zisanu zija zinasanduka ola.

Anabisa foni pansi pa desiki n'kufufuza pa intaneti. Yankho analipeza. Ngati chimene ukufuna kusanjira chili m'tebulo lina, uyambe walumikiza matebulo awiriwo ndi nambala imene ili konsekonse. Ukatero uuze kompyuta isanje potsata danga la m'tebulo linalo. Mtima unakhala pansi. Anatsegula tebulo la eni ake. Danga la dera linalimo. Anatsegula la makola kuti angoona. Danga la dera linalimonso.

Mutu unaima.

Madera awiri a chiyani? Thole limodzi, dera liwiri? Anatseka n'kutsegulanso, ngati kuti limodzi lichita manyazi n'kuchoka. Onse awiri ali phee, akumuyang'ana. Anakanda pamutu. Anapita kukamwa madzi. Anabwerera. Analemba pakapepala, mwini, khola, mwini, khola, n'kujambula mivi mpaka kapepalako kanafanana ndi mapazi a nkhuku.

Amai Nelesi ankamuonera pamwamba pa magalasi.

"Ba Maybin, yakuvutani?"

"Awe, ili chabe bwino."

"Nenze kuchita iyi nchito chaka na chaka. Nikuuzeni mwamene nimapangila?"

Funso linali pamlomo. Lalifupi. Amai, chifukwa chiyani madera ali awiri? Kenako anaona buku lija pakona ya desiki lawo, lotseka, pamwamba pake pali kapu ya tiyi. Buku limene iye analipumitsa pamaso pa anthu onse. Anameza malovu, funso n'kutsikira limodzi.

"Osavutika, ba Nelesi. Kompyuta iziba."

"Oho."

Anasankha yekha. Tebulo la eni ake linali laukhondo. Maina athunthu, manambala a foni, manambala a mapuloti. La makola linali ndi zinthu ngati "kuseri kwa dibi", "pa mtengo waukulu wa mpundu", "ukadutsa chigayo chakufa". Anaganiza kuti munthu wa pulojekiti uja anangolemba chinthu chimodzi kawiri, poyamba mwachimidzi, kenako mwachizungu. Analumikiza ana a ng'ombe ndi eni ake. Anasanja potsata dera la mwini.

Mndandanda unatuluka wokongola ngati mkanda. Kanakantapa, khumi ndi anayi. Palabana, asanu ndi anayi. Silverest, khumi ndi asanu ndi awiri. Onse makumi anayi. Anautumiza mufoni yake. Amai Nelesi atapempha kuti auone, anati makina osindikizira atha inki.

Gilbert anauwerenga Lachinayi m'mawa, atakhala kale panjinga yamoto.

"Silverest seventini? Kuli ng'ombe ku Silverest?"

"Bantu ba kuja bali na mapuloti akulu, mudala."

"Iwe ndiwe uziba."

Eyiti koloko Gilbert anasungunula katemera. Anamuika m'kabokosi ka ayisi. Maybin anakwera kumbuyo, kabokosi pamiyendo, foni m'dzanja. Amai Nelesi anatuluka pakhomo.

"Mukafika kwa Selestina mumalize zonse, mwamvera?"

"Endita," anayankha Maybin. Injini inameza zotsalazo.

Ku Palabana zinayenda ngati madzi otsetsereka. Khomo ili, gwira, baya, boola khutu, ika chizindikiro. Khomo linalo chimodzimodzi. Isanakwane naini ndi theka anali kwa amai Selestina Banda, khomo lomaliza. Mzimayi wamfupi, wamphamvu, chitenje chomangira pamwamba pa ovolosi. Anali atatsekera ana a ng'ombe asanu m'kakhola kapadera, aliyense ndi chingwe chake m'khosi.

Maybin anayang'ana mufoni. "Selestina Banda. Imozi. Yakuda, yoyera pamphumi."

Gilbert anabaya. Anayamba kulongedza.

"Nanga izi zinayi?" anafunsa amai Selestina.

"Pa dzina yanu pali imozi chabe, amai."

"Izi ni za mulamu wanga wa ku tauni. Zinalembewa. Nenzepo neka polemba."

Maybin anatsitsa chala m'gulu la Palabana, n'kuchikweza, n'kuchitsitsanso. Asanu ndi anayi. Onse abayidwa. Mlamu wa ku tauni. Tauni iti? Akalembedwa, ali kuti? Gilbert anali atayang'ana kale wotchi kawiri.

"Mu Palabana mulibe, amai. Mankhwala niyobelengela. Tikalasa izi, tizamana benangu bamene banalembesa."

"Mwana wanga, nikuuza ati zinalembewa."

"Kompyuta sinama, amai."

Amai Selestina anagwira m'chiuno. Anayang'ana Maybin, anayang'ana Gilbert, anayang'ana tiana tinayi tija tikununkhiza kabokosi ka ayisi.

"Yendani bwino," anatero.

Amene sanafikeko ku Silverest amve. Ndi malo a mipanda. Mpanda wa mabuloko, geti lachitsulo, mpanda wina, geti lina. Pakati nyumba zosatha, mazenera opanda magalasi, milu ya mchenga. Misewu yambiri ilibe maina. Manambala a mapuloti amadumphadumpha ngati ziwala. Usana eni ake onse ali ku Lusaka kuntchito. Otsala ndi agalu, alonda, ndi dzuwa.

Puloti yoyamba anaifuna mphindi makumi atatu. Anagogoda. Galu anayankha. Munthu ayi. Maybin anaimba nambala ya mwini. "Nili mu miting'i," mawu ananong'ona, foni n'kuduka.

Pageti lachiwiri panatuluka mlonda wokalamba, wayilesi kukhutu.

"Tabwela kulasa ng'ombe," anatero Gilbert.

"Kulasa chani?"

"Ng'ombe. Tubana tubili."

Mlondayo anatembenuka n'kuyang'ana m'bwalo, ngati kuti mwina zalowa iye osaona. Munali kapinga wothirira, thanki yamadzi pamwamba pa zitsulo, ndi galimoto yophimbidwa ndi lona.

"Muno muli chabe Simba. Koma Simba banamulasa kudala."

Simba anauwa kuvomereza.

Gilbert anavula chipewa cha njinga. "Maybin. Ni vichani ivi?"

"Kapena nambala ya puloti inalembewa molakwa."

"Zonse zibili?"

"Tiyeni pa yachitatu."

Pachitatu mtsikana wantchito analankhula nawo pakabowo ka geti, diso limodzi lokha likuoneka. Ng'ombe? Abwana ali nazo, inde. Zili ku famu. Famu iti? Sadziwa. Iye anabwera mwezi watha.

Leveni koloko inadutsa. Dzuwa la Okutobala linali likuwotcha ngati mbaula. Maybin ankamva madzi akukhuthuka m'kabokosi akasuntha mwendo. M'mawa munkalira ayisi. Anayang'ananso mndandanda. Unali wokongolabe. Silverest, Silverest, Silverest. Kompyuta inachita zimene anaiuza. Nanga cholakwika chili pati? Mwina anthuwa akubisa ng'ombe kuopa akuba. Mwina Silverest ilipo ina. Mwina munthu wa pulojekiti anasokoneza. Maganizo ankazungulira ngati ntchentche m'botolo.

"Tumila ba Nelesi," anatero Gilbert.

Maybin anatulutsa foni. Dzina lawo analipeza. Chala chinaima pamwamba pake. Anaona nkhope yawo, magalasi pamphuno, ndi "oho" uja.

"Netiweki yavuta."

"Apa so? Pansi pa tawa?"

"Ni foni yanga, mudala. Tiyeseko imozi chabe. Apa pali zinayi pa nyumba imozi. Jethro Banda."

Nyumba ya a Jethro Banda anaipeza thwelofu itapitirira. Geti linatsegulidwa ndi mkazi wawo, amai Clarissa, namwino amene tsiku limenelo anali pa ofu. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anaseka mpaka kugwira chitsulo cha geti.

"Ng'ombe? Muno? Zizadya mapeva?" Analoza pabwalo poyalidwa njerwa za simenti.

"Listi ikamba ati muli na zinayi," anatero Maybin, mawu atachepa.

"Tili nazo, ee. Ba Banda banagula za penshoni. Koma zinkala kwa mulamu, ba Selestina, ku Palabana. Simubaziba? Bafupi so. Banatitumila foni mailo ati lelo ni tsiku ya nyeleti ya katemera."

Gilbert anatembenuka pang'onopang'ono. Anamuyang'ana Maybin. Kukanakhala bwino akanatukwana.

Munthu wa m'dera lino sakanafuna kuuzidwa. Aphunzitsi, anamwino, akalaliki a m'maofesi a boma, akamanga nyumba ku Silverest amaganiza za tsiku lopuma ntchito. Amagula thole limodzi, awiri. Pokhala papuloti palibe msipu, amakasungitsa kwa mbale amene ali ndi khola. Wosunga amapeza manyowa, ndipo ikadzabereka amamwako mkaka. Mwini amabwera Loweruka ndi thumba la mchere, kudzajambula chithunzi. Dzina lili ku Silverest. Ng'ombe imagona kwina. Munthu wa pulojekiti uja sanalembe chinthu chimodzi kawiri. Anafunsa, anauzidwa, n'kusiya madanga awiri.

Gilbert anatulutsa foni yake. Netiweki inalipo yodzaza. Anaika mawu pokweza.

"Ba Nelesi, tili ku Silverest."

"Mufunako chani ku Silverest?" anafunsa amai Nelesi.

"Listi yatileta."

Anamva kapu ikuikidwa pambali. Anamva masamba akutembenuzidwa. Amai Nelesi sanakweze mawu. Anawerenga. Mwa ana khumi ndi asanu ndi awiri aja, khumi ali m'makola a ku Palabana, anayi mwa iwo kwa Selestina. Asanu ndi awiri ali ku Kanakantapa. Ku Silverest kulibe ngakhale mchira.

"Munasungunula nthawi bwanji?"

"Eyiti."

"Mayo ine."

Panatsala ola limodzi ndi theka. Kumbuyo ku Palabana khumi, m'makola amene anaimamo m'mawa womwewo. Kutsogolo ku Kanakantapa makumi awiri ndi mmodzi. Konse kuwiri sikukanatheka. Gilbert anawerengera m'mutu, anavala chipewa.

"Kanakantapa. Gwilisa bokosi."

Anathamanga pa tala ngati akuthawa moto. Atakhotera mumsewu wafumbi, njinga inayamba kuvina. Amai Nelesi anali pafoni njira yonse, foni ili kukhutu kwa Maybin. Ukadutsa chigayo chakufa, khota kumanzere. Kuseri kwa dibi kuli atatu. Pa mpundu waukulu awiri. Mawu omwe aja anawanyoza m'tebulo la makola, tsopano ndiwo anali maso ake. Alimi anali atadikira kuyambira m'mawa. Ena anali atamasula kale ziweto, n'kumazithamangitsanso m'minda youma. Gilbert anabaya thukuta lili kamukamu. Khumi ndi awiri.

Pakhola lotsatira anayang'ana wotchi. Anakweza kabotolo kudzuwa. Anakabweza m'bokosi.

"Yafa."

"Dokota, lasani chabe," anachonderera mwini khola. "Ndiye yomweyo mankhwala."

"Nikalasa na iyi, nakunamizani. Muzagona ati mwana alasiwa, kansi ni manzi."

Otsala anali khumi ndi asanu ndi anayi.

Lachisanu m'mawa Maybin anafika woyamba. Anatsegula lamulo lija analembera kompyuta. Anafufuta liwu limodzi, eni. Analemba lina, makola. Anadina. Kanakantapa, makumi awiri ndi mmodzi. Palabana, khumi ndi asanu ndi anayi. Silverest inazimirira ngati mame. Pansi pa khola la Selestina Banda panali mizere isanu yotsatizana. Ntchito yonseyo sinathe mphindi imodzi. Anakhala akuyang'ana, manja ali pamiyendo. Amai Nelesi analowa, anapereka moni, anapachika juzi pamsomali. Za dzulo sanatchule.

Komiti inaimba mafoni kufunafuna katemera wina. Kunalibe. Inalangiza alimi kupopera mankhwala a nkhupakupa sabata ndi sabata. Mvula inagwa pakati pa Novembala. Udzu unaphuka, nkhupakupa n'kukwera nawo. Ena anapopera, ana awo n'kupulumuka. Ena anapopera, koma nkhupakupa imodzi yobisala m'khutu ndi yokwanira.

Mu Januwale, m'mawa wina wamatope, amai Selestina anapereka mkaka wawo kuthanki monga mwa masiku onse. Atatero sanakwere njinga. Analowa mu ofesi, magambutsi ndi matope omwe. Anadutsa desiki la amai Nelesi. Anaima pa la Maybin. Anatulutsa m'chitenje zingwe zitatu, mfundo zake zosamasula, n'kuziika pamwamba pa mabatani a kompyuta.

"Yofiila inayamba pa Khisimisi. Zibili izi zakonkana sondo yatha."

Maybin anaimirira. "Amai, pepani."

"Mulamu sanikambisa. Akuti nenze kusamala chabe yanga. Akuti ni chifukwa chani yanga yeka ndiye inalasiwa. Yamene yasala abwela kutenga pa Mande, apeleke kwinangu." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Zaka twenti nili mu banja muja. Sibananikambilepo so."

"Nizayenda kubauza ine. Ni ine ninalakwisa."

"Yenda. Nyumba uiziba." Analoza zingwe zija ndi chibwano. "Izi ulembe mu kompyuta yako. Dera iliyonse yamene ufuna."

Anatuluka. Thanki inapitiriza kung'ung'udza kuseri. Amai Nelesi anavula magalasi, anawapukuta ndi nsonga ya bulauzi.

"Ba Maybin. Tsiku ija, munaona ati madera ni yabili?"

"Ninaona."

"Munamvetsa?"

"Awe."

"Manje ine nenze apa. Mamita yabili."

Maybin anayang'ana zingwe. "Nenze na manyazi, amai."

"Manyazi," anabwereza amai Nelesi, ngati akulawa chinthu chowawa. Anavalanso magalasi.

Loweruka Maybin anapitadi kwa a Jethro Banda. A Bandawo anamumvetsera ataima pageti, osamulowetsa. Atatha anamufunsa ngati kupepesa kumabala thole. Lolemba ng'ombe yotsalayo inakwezedwa pa kagalimoto. Mwezi utatha komiti inakhala pansi, ndipo sinachedwe. Kompyuta itsale. Mndandanda wokonzedwa uja utsale, ukugwira bwino ntchito. Mnyamata apite.

Sikuti analibe nzeru. Kulumikiza matebulo anakuphunzira masana amodzi, pansi pa desiki. Chimene sankadziwa n'chakuti ng'ombe imagona kuti, ndipo wodziwa anali naye chipinda chimodzi, atadzipereka yekha. Funso la mawu asanu linamulemera kuposa ntchito yake. Pakamwa pa dzenje panali potsegula, iye n'kubwerera m'kati. Paja akuluakulu anati, mbewa ya manyazi inafera kuuna.